Chidule cha Khutba ya Lachisanu: Mwana Wogwidwa Padoko Ndi wa Yani?

Kutamandidwa koyenera n'kwa Allah (Subhanahu wa Ta'ala), Yemwe watipatsa ana kuti akhale chisangalatso cha maso athu komanso mayeso pa ife. Tikuikira umboni kuti palibe woyenera kupembedzedwa mwachoonadi koma Iye yekha, ndi kuti Muhammad (Swallallahu alayhi wasallam) ndi kapolo Wake ndiponso Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja kwake, pa maswahaba ake ndi pa onse owatsatira mu zabwino kufikira tsiku la Qiyamah.

Abale ndi alongo olemekezeka m'Chisilamu, tikudzilangiza tokha ndi kukulangizani inu kuti timuope Allah poyera ndi mobisika, pakuti aliyense wa ife adzafunsidwa za anthu amene adaikidwa m'manja mwake.

KHUTBA YOYAMBA

Masabata angapo apitawa, titangomaliza swala ya Subuhi, tidamva phokoso kudoko. Titafika tidapeza mnyamata wa zaka 13 atamangidwa manja ndi chingwe cha khoka. Adagwidwa akuwolera m'thumba usipa umene mayi wina adayanika pathandala. Anthu ankamumenya mosinthana, ndipo ena mwa omenyawo adali asadavule zipewa zimene adaswali nazo. Wina adayamba kufunsa kumene kuli petulo. Alhamdulillah, amfumu ndi akuluakulu adafika msanga n'kuleretsa.

Titakhala naye pansi tidamva izi. Bambo ake adapita ku Joni zaka zisanu zapitazo ndipo adasiya kutumiza chithandizo. Mayi ake adakwatiwa kumudzi wina. Iye amakhala ndi agogo ake omwe sangathenso kugwira khasu. Sukulu adalekezera mu Sitandade 4. Tsiku lomwelo tidatsegula kaundula wa madrassah yathu, ndipo dzina lake tidalipezamo. Lidasiya kuchongedwa miyezi yambiri m'mbuyomo, koma panalibe mmodzi mwa ife, kuyambira ife amene timaima pa mimbari pano, amene adapita kukagogoda pakhomo pa agogo aja kukafunsa kuti mwanayu ali kuti. Tidamukumbukira tsiku limene adaba.

Pasakhale wotuluka muno n'kukanena kuti ashehe aloleza kuba. Kuba ndi haramu. Mayi amene adaberedwa uja mpamba wake adachita kukongola kubanki mkhonde, ndipo ali ndi ufulu wobwezeredwa chake. Chimene tikufunsa lero n'chakuti: mwana asadafike pathandala paja usiku, adadutsa pamakomo angati a Asilamu, ndipo ndani adamuona?

Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti m'Malawi mudali anthu 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka adali ana osakwana zaka 18. Boma la Mangochi lokha lidali ndi anthu oposa 1.1 miliyoni. Ana ambiriwa akukulira m'mbali mwa nyanja imene sikuperekanso monga kale. Akuluakulu muno mukukumbuka m'mene nsomba za chambo zinkadzadzira m'nyanja ya Malombe, ndi m'mene zidatsikira chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Lero ambiri tikudalira usipa. Pamene nyanja idayamba kuchepa mphamvu, amuna adayamba kuwoloka malire kukafuna ganyu ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town. Ena amasamala mabanja awo bwino lomwe, Allah awalipire. Koma ena akangofika amaiwala kumudzi, ndipo ana awo amaleredwa ndi doko.

Nanga doko limaphunzitsa chiyani? Mwana amayamba ndi kukapa madzi m'boti ndi kukoka khoka kuti apatsidwe ndiwo. Kenaka amalowa m'gulu la alovi opita usiku ndi nyali kukapha usipa, ndipo m'mawa amagona m'malo mopita kusukulu. Amagwira ndalama m'manja asadadziwe kuisunga. Ndalamayo ili ndi oiyembekezera kale: nyumba yoonetsera mavidiyo, wogulitsa kachasu ndi midoli, wogulitsa chamba, ndi kubetcha mpira kumene tsopano kudalowa m'foni. Anyamata ena amanamizana kuti boma lidaloleza chamba. Lamulo la mu 2020 lidaloleza kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhawo amene ali ndi chilolezo. Kusuta kudakali mlandu, ndipo pa chipembedzo chathu chilichonse choledzeretsa ndi haramu. Tsono tsiku limene mwera wawomba ndipo maboti sadalowe m'madzi, chilakolako sichidziwa kuti kunja kuli mphepo. Apo ndi pamene mwana amayang'ana thandala la mnansi.

Atsikana nawo ali ndi msampha wawo. Tonse tikudziwa, ngakhale sitifuna kunena mokweza, kuti m'madoko ena mtsikana wopanda ndalama amapatsidwa nsomba posinthana ndi thupi lake. Amuna amene amachita zimenezi si alendo. Ena timakhala nawo m'safu imodzi.

Abale olemekezeka, Mtumiki (SAW) adakumana ndi mlandu wofanana ndi wathuwu. Abu Dawud, Nasa'i ndi Ibn Majah adasimba za Abbad bin Shurahbil (Radhiyallahu anhu), yemwe m'chaka cha njala adalowa m'munda wina ku Madina, n'kupurura ngala za mbewu, kudya ndi kuikako zina m'nsalu yake. Mwini munda adamupeza, adamumenya ndi kumulanda nsaluyo. Nkhani itafika kwa Mtumiki (SAW), iye adadzudzula mwini munda pa zinthu ziwiri: kuti adaona munthu wosadziwa koma sadamuphunzitse, ndi kuti adaona munthu wanjala koma sadamudyetse. Adalamula kuti nsalu ibwezedwe, ndipo Abbad adapatsidwa chakudya chopita nacho. Taonani mankhwala awiri amene adatchulidwa pamenepo: maphunziro ndi chakudya.

Imam Malik m'buku la Muwatta adasimbanso za antchito a Hatib bin Abi Balta'ah amene adaba ngamira ya munthu wa fuko la Muzaynah n'kuipha. Khalifa Umar bin Khattab (RA) atazindikira kuti bwana wawo ankawagoneka ndi njala, adatembenuzira chilango kwa bwanayo. Mwini ngamira adati mtengo wake udali madirham 400, ndipo Umar adalamula kuti alipidwe 800. Woberedwa sadataye chake, ndipo amene adachititsa njala sadathawe mlandu. Tikadakhala kuti tikuweruzidwa ndi Umar m'mawa uja, chindapusa chikadagwera yani?

Tikumbukirenso kuti pa Shariah mwana amene sadathe msinkhu salembedwa machimo monga munthu wamkulu, ndipo chilango chilichonse chimaperekedwa ndi woweruza atamva mbali zonse. Gulu la anthu okwiya si bwalo la milandu. Kumenya munthu womangidwa ndi chinyengo, kutentha munthu ndi moto n'koletsedwa ndithu, ndipo amene wapha mwana chifukwa cha thumba la usipa adzaima ndi magazi a mwanayo pamaso pa Allah, kuphatikizapo mlandu wakupha umene adzayankhe kukhoti.

Nalo lamulo la dziko lathu likuyenda njira yomweyi. Lamulo losamalira, kuteteza ndi kuweruza ana la mu 2010 lidakhazikitsa makhoti a ana, ndipo silivomereza kuti mwana aponyedwe m'ndende. Mwana wosakwana zaka 10 sazengedwa mlandu. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 atengedwe ngati mwana. Pa milandu ing'onoing'ono, mwana akavomera kulakwa kwake, lamuloli limalola kuti nkhani ipatutsidwe kuchoka kukhoti: mwanayo apepese, abweze kapena agwire ntchito yolipira zimene adawononga, abwerere kusukulu, ndipo aziyang'aniridwa ndi munthu wamkulu wodalirika. Pa milandu ikuluikulu ndi pamene amatumizidwa kumalo osinthira khalidwe monga ku Chilwa m'boma la Zomba ndi ku Mpemba ku Blantyre. Koma njira yopatutsa ija imafuna munthu woima pambali pa mwanayo n'kunena kuti ndimuyang'anira ndine. Ngati bambo ali ku Joni ndipo agogo sangathe kuyenda mpaka kupolisi, woimayo akhale ndani ngati si jamaat?

Tikupempha chikhululuko kwa Allah pa ife ndi pa inu. Mupempheni chikhululuko, pakuti Iye ndi Wokhululuka, Wachisoni.

KHUTBA YACHIWIRI

Kutamandidwa n'kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake.

Asilamu anzathu, mzikiti wa Mtumiki (SAW) ku Madina sudali malo oswalira okha. Mudali khonde lotchedwa Suffah, pomwe pankagona anthu opanda nyumba ndi opanda abale, ambiri a iwo achinyamata. Maswahaba ankawatenga kukadya nawo kunyumba zawo, ndipo Answari ankapachika mikoko ya tende mumzikiti kuti wanjala azithyolapo. Pakhonde limenelo ndi pamene padachokera Abu Hurairah (RA), yemwe dzina lake timalitchula pafupifupi m'khutba iliyonse. Akadasiyidwa mumsewu, ma hadith angati akadatitayikira?

Sitikuyamba chinthu chachilendo kunyanja kuno. Pachilumba cha Mbenji m'boma la Salima, mafumu a Makanjira a kumeneko akhala akusunga malamulo awoawo kuyambira zaka za m'ma 1950. Usodzi amautseka mu Disembala n'kuutsegula mu Epulo, ndipo pachilumbapo saloleza mowa, chamba kapena juga. Wophwanya amathamangitsidwa. Anthu a kumeneko adasonyeza kuti mudzi ukagwirizana, doko limamvera. Makomiti a m'madoko, omwe timawatchula kuti ma BVC, adayambira ku Malombe mu 1993, ndipo lamulo la usodzi la mu 1997 lidapereka mpata woti anthu a m'midzi azitenga nawo mbali posamala nyanja. Ngati tidatha kupanga malamulo oteteza ana a chambo kuti akule, tilephera bwanji kupanga oteteza ana athu?

Palinso thandizo limene lilipo kale koma sitiligwiritsa ntchito mokwanira. Kupolisi kuli nthambi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza. Kumaofesi a boma kuli alangizi osamalira anthu ndi oteteza ana. Nambala ya 116 ndi yaulere, ndipo mwana kapena wamkulu angathe kuimba kukanena za nkhanza. Imayendetsedwa mothandizana ndi bungwe la YONECO la ku Zomba. M'sukulu za pulayimale muli magulu a amayi otsata ana ojomba. Mtukula Pakhomo, amene adayambira ku Mchinji mu 2006, amathandiza mabanja ovutikitsitsa onga la agogo aja. Bungwe la Islamic Zakaat Fund lakhala likuthandiza ophunzira osowa. TEVETA, yomwe idakhazikitsidwa mu 1999, imayang'anira maphunziro a ntchito za manja. Koma palibe limodzi mwa mabungwe amenewa limene lingadziwe kuti mwana wakuti sadagone kunyumba usiku wathawu. Amene angadziwe ndi mnansi, mwalimu ndi muadhini. Choncho titakambirana ndi komiti ya mzikiti, amayi a dawa ndi amfumu, tikuika pamaso panu ntchito zisanu ndi imodzi.

Choyamba, kaundula. Pasankhidwe abambo atatu ndi amayi atatu oti azikhala ndi mwalimu Lachinayi lililonse kuona maina. Mwana amene wajomba kumadrassah kapena kusukulu sabata yathunthu ayenderedwe kwawo sabata yomweyo. Opitawo asatenge chikwapu. Akafunse mwaulemu kuti vuto n'chiyani, pakuti nthawi zambiri yankho limakhala njala, yunifolomu yong'ambika, makope kapena matenda a amene akumulera. Sukulu ya pulayimale idakhala yaulere mu 1994, ndipo lamulo la maphunziro la mu 2013 lidanena kuti mwana aliyense ayenera kuiphunzira. Madrassah ndi sukulu sizilimbana. Mwana wa Chisilamu akufunika zonse ziwiri.

Chachiwiri, chakudya. Tikupempha mwini boti aliyense chigoba chimodzi cha usipa pa sabata imene Allah wamupatsa, ndi banja lililonse lokwanitsa mbale imodzi ya ufa pa mwezi, kuti pamadrassah paziphikidwa. Alimi amene zokolola zawo zafika pa nisab akumbukire kuti zakaat ya mbewu ndi gawo limodzi mwa magawo 10 ngati munda udathiriridwa ndi mvula, ndi limodzi mwa magawo 20 ngati adathirira movutikira. Zonse zolowa ndi zotuluka zizilembedwa ndi kuwerengedwa pamaso pa jamaat mwezi uliwonse, kuti pasakhale kukayikirana, pakuti ntchito zambiri zabwino zidafera pa thumba la ndalama.

Chachitatu, luso. Muno muli akalipentala okhoma maboti, okonza injini, osoka maukonde, atelala, owotcherera ndi omanga nyumba. Mmisiri aliyense atenge wachinyamata mmodzi, mmodzi yekha, amene sukulu idamukanika, amuphunzitse kwa chaka. Komiti idzalemba mgwirizano pakati pa mmisiri ndi makolo kuti wophunzirayo asasanduke wantchito waulere. Lamulo la ntchito la mu 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndiponso kupatsa wosakwana zaka 18 ntchito yoika moyo wake pachiswe. Wosafika zaka 14 malo ake ndi m'kalasi.

Chachinayi, nthawi yopanda chochita. Pakati pa Asr ndi Maghrib, komanso m'miyezi ya Novembala ndi Disembala pamene boma limatseka usodzi wa makoka ena kuti chambo chiswane, anyamata amangokhala. Tiyambitse mpikisano wa mpira pakati pa madrassah za m'dera lino, wa anyamata pawokha ndi masewero a atsikana pawokha moyang'aniridwa ndi amayi, pamodzi ndi mpikisano wa kuwerenga Qur'an. Mpira uzitha adhana ya Maghrib isadaitanidwe. Akuluakulu ena adzati mpira si ntchito ya mzikiti. Tikuwayankha mwaulemu kuti Mtumiki (SAW) ankapikisanitsa mahatchi ndipo adalola anthu a ku Habasha kusewera ndi mikondo yawo mumzikiti mwake. Mnyamata amene tamukaniza bwalo la mpira sabwera kudzakhala pamkeka ndi tasbihi. Amapita kumene sitikumuona.

Chachisanu, malamulo a doko. Tipempha amfumu ndi a BVC kuti agwirizane nafe pa zitatu izi: mwana wa sukulu asakwere boti la usiku masiku a sukulu, ndipo chindapusa chigwere mwini boti, nyumba zoonetsera mavidiyo zisalowetse ana nthawi ya sukulu ndi pambuyo pa Isha, ndipo mwamuna wopezeka akunyengerera mtsikana ndi nsomba kapena ndalama akaperekedwe kupolisi, nkhani yake isathere m'nyumba ndi mbuzi. Ifenso mashehe tikudzimanga pamaso panu kuti sitimangitsa nikah ya mwana wosakwana zaka 18, monga lamulo la maukwati la mu 2015 likunenera. Mtsikana amene adatenga pathupi ali pasukulu amaloledwa kubwerera akabereka, ndipo ndondomeko imeneyi ilipo kuyambira mu 1993. Amayi a dawa amuperekeze tsiku loyamba. Pa doko pamakhalanso ana a anansi athu Achikhristu, ndipo njala yawo ndi yomweyo. Tidzayendera abusa ndi ansembe a m'dera lino kuti malamulowa akhale a mudzi wonse, ndipo poto wathu sadzafunsa mwana dzina la chipembedzo chake.

Chachisanu ndi chimodzi, kulandira wobwerera. Mwana akagwidwa, mmodzi wa komiti apite naye kupolisi, akaonetsetse kuti sadaikidwe m'chitokosi chimodzi ndi akuluakulu, ndipo akadzipereke kukhala womuyang'anira ngati mlandu ukulola. Wochokera ku Chilwa kapena ku Mpemba, ngakhalenso mnyamata amene wabwezedwa kuchokera ku Lindela wopanda kanthu m'manja, asapeze dzina latsopano likumudikira pamudzi. Tikamuitana kuti wakuba tsiku ndi tsiku, pamapeto pake adzavomera dzinalo. Mneneri Yusuf (Alayhis salaam) adaponyedwa m'chitsime ndi abale ake, koma atabwera kwa iye ali ovomereza kulakwa sadawakumbutsenso chitsimecho. Khomo la tawbah Allah sadalitseke. Ife tilibe kiyi wolitsekera.

Mawu apadera apite kwa abambo amene muli ku South Africa, pakuti tikudziwa kuti kalatayi imakufikani pa WhatsApp. Nafaqah ya mwana wanu ndi faradhi pa inu ngakhale ukwati udatha. Ngati ntchito yasowa, imbani foni, mwana amve mawu anu, ndipo muuze abale anu zoona kuti adziwe pothandizira. Njinga yamoto ndi nyumba ya malata sizidzakuyankhirani pa tsiku limene mudzafunsidwe za mwana amene mudamusiya. Nanunso atsibweni, mwambo wathu udakupatsani udindo pa ana a alongo anu. Udindowo usaonekere pa tsiku la ukwati ndi la ndagala lokha.

Mu Surat Kahf, yomwe timaiwerenga tsiku ngati lalero, muli nkhani ya chipupa chimene chidatsala pang'ono kugwa, ndipo pansi pake padali chuma cha ana awiri amasiye. Kapolo wolungama wa Allah adachiwongola popanda kupempha malipiro, m'mudzi umene udamukaniza chakudya, kuti anawo akadzakula adzapeze chawo. Sadadikire kuti chigwe. Akale athu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo adatinso kuwongola mtengo mpoyamba.

Za mnyamata uja, dzina lake sititchula, ndipo amene mukumudziwa mum'bisire monga mmene mukufunira kuti Allah akubisireni. Adapepesa kwa mayi aja ndipo adawagwirira ntchito yotembenuza usipa pathandala kwa masabata awiri akaweruka kusukulu. Pano akubwera kumadrassah. Sitikunena kuti nkhani yatha, pakuti kumene amagona njala idakalipo, ndipo titawerenga bwino kaundula uja tidapeza maina enanso amene adasiya kuchongedwa. Tikatha swala, abambo mutsale pang'ono muno, ndipo amayi mutsale mbali yanu, kuti tisankhe anthu asanu ndi mmodzi aja lero lomwe, Insha Allah.

O Allah, tikhululukireni pa ana amene tidawaona koma osawafunsa. Ongolani achinyamata athu, atetezeni ku zoledzeretsa, juga ndi chiwerewere, ndipo apatseni rizq la halali. Chitirani chifundo agogo amene akulera zidzukulu m'manja mopanda kanthu, fewetsani mitima ya abambo amene ali kutali, ndipo dalitsani nyanja yathu ndi minda yathu. Khululukirani makolo athu amoyo ndi amene adatsogola. Aamin.

Imirirani ku swala.